Lupanga Limene Welosi Anasiya M'foni

Sendezani mipando kuno, chifukwa ndikamanena zimenezi mawu anga sakwera. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye musayembekeze kuti ndikuuzani chifukwa chake zinachitika. Ndingonena zimene ndinaona ndi zimene ndinachita.

Mwamuna wanga Welosi anali wa kabaza wa njinga yamoto ku Bangwe. Mowa sankamwa, fodya sankasuta, za akazi sindinamvepo. Chake chinali gemu ya pafoni. Pa siteji podikira makasitomala, mutu uli pansi. Akafika kunyumba, jekete asanavule n'komwe, mutu uli pansi. Ine ndinkakazinga mandasi pakhonde, iye atakhala pa ndowa yovundikira, mwana wathu Ndaziona atamukwera pamsana n'kumasuzumira.

M'gemumo munali munthu wake wovala zazitsulo, woyenda m'nkhalango n'kumapha zilombo. Koma chimene chinkamudya mtima Welosi si zilombozo ayi. Linali lupanga la munthuyo. Iye ndi anzake a pa siteji ankati akulikhwimitsa.

"Taonani kuno amake Ndazi, muphunzireko zinthu," anatero tsiku lina.

"Mafuta akupsa, bambo."

"Kamphindi chabe. Uyu ndi wosula. Lupanga umaliika m'kabokosi ka pakatika. M'kabokosi ka pambalika umaikamo chinthu choti awotche. Akamenya katatu, mphamvu ya chinthucho imalowa m'lupanga, nambala n'kukwera. Pulasi wani, pulasi thuu, mpaka teni."

"Nanga chinthu chija?"

"Chapita. Chowotchedwa sichibwerera."

"Ndiye ndi kwa asing'anga basi kumeneko. Mwangosowa nsupa."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anandiuza kuti poyamba wosulayo amalandira zilizonse, miyala, zikopa za nyama zimene wapha. Ukamakwera amayamba kusankha, amafuna chinthu chimene wayenda nacho nthawi yaitali. Ndipo amalandira chako chokha. Chobwereka kwa mnzako amachikankhira kunja.

Ndinamuyang'ana wosulayo. Anali munthu wamkulu thupi, atavala chikopa m'chiuno, ataima pa moto. Nkhope yake sinkaoneka. Nthawi zonse anali atatembenukira kumoto.

Pambuyo pa munthu wa Welosi pankayenda kanthu kakang'ono kowala ngati chiphaniphani. Kameneko gemu inkalola kukapatsa dzina, ndipo Welosi anakalemba Ndaziona. Mwanayo akakaona ankalumpha: "Ndine ameneyo! Ndine ameneyo!"

"Pa teni wosula amafuna kameneka," anatero Welosi. "Ena anawotcha awo. Ine ndidzathera pa nayini, mwana wanga sindingamupereke."

Sanafikenso pa nayini pomwepo. Lole inamugunda pa mphambano Lachitatu lina m'mwezi wa Meyi, masanasana, lupanga lili pa sikisi. Mnzake wa pa siteji, Kefasi, ndiye anandibweretsera jekete, nsapato imodzi ndi foni. Foniyo inalibe ngakhale kamng'alu.

Tinakamuika kwawo ku Chiradzulu. Tsiku lometa, amalume ake, a Likaka, anayala mphasa pabwalo. Kumeneko amachita chonchi: katundu yense wa womwalira amatulutsidwa, aliyense aone, ndipo amalume amanyamula chimodzichimodzi n'kutchula mokweza kuti chapita kwa uje. Amati akatero mwini wake amamva kuti zachoka m'manja mwake. Anatchula mabulangete, wailesi, mathalauza, zitsulo za njinga zimene zinatsala. Kenako anandiyang'ana.

"Mayi a Ndaziona, mwana wathu anali ndi foni yaikulu."

"Inaphwanyika pangozi paja, amalume."

Inali m'chiuno mwanga, nditaimangirira kunsonga ya chitenje. Sindinaibise chifukwa cha chikondi, ndisanamize. Anthu a m'masitolo ankaitanitsa mandasi pa foni imeneyo, komanso Ndazi sankagona asanamve kanyimbo ka gemu ija. Ndinaona kuti ikapita, ine nditsala ndi mwana wolira ndi mandasi osagulidwa. A Likaka anagwedeza mutu n'kupitiriza. Za kundisudzula, kundimasula kuti ndisakhalenso mkazi wa kwawoko, anati adzachita pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Tinabwerera ku Bangwe awiri. Ndinkadzuka, kukanda, kukazinga, kugulitsa, kutsuka chiwaya. Anthu ankati ndalimba mtima. Sikunali kulimba, mkatimu munalibe kanthu.

Kuseri kwa nyumba zathu za lendi kuli anthu osula zidebe ndi mbaula, ndiye phokoso la nyundo tinalizolowera. Koma Lamulungu sagwira ntchito. Lamulungu lina m'mawa ndikuchapa, ndinamva chitsulo chikulira. Ngwe. Ngwe. Ngwe. Katatu basi, kenako zii. Sichinamveke ngati chikuchokera kuseri. Chinamveka ngati chili m'nyumba mwanga.

Ndinalowa. Ndazi anali pa mkeka akusewera ndi zitsekero za mabotolo. Zonse zinali m'malo mwake, kupatula kuseri kwa chitseko. Pamenepo pankakhala mapatapata a Welosi, amene ndinaiwala kupita nawo kumudzi. Panalibe. Panangotsala kafungo ka mphira wopsa.

Ndinati mwina galu. Ndinabwerera kukachapa.

Lachiwiri Kefasi anaima ndi njinga pa benchi yanga, akumwetulira.

"Alamu, ndiye dzanja limeneli munalibisa kuti nthawi yonseyi?"

"Dzanja lanji?"

"Musachite manyazi. Lupanga la malemu lafika pa seveni. Pa siteji tonse tikuona pa mndandanda wa m'gemumo. Mwatiposa ife amuna."

"Ine ndi manja amafutawa?"

"Kapena ndi kamtsikanaka."

"Ali ndi zaka zinayi, a Kefasi. Ndimangomuyatsira nyimbo."

Anadya mandasi ake. Pochoka anati mwina ndi netiweki.

Tsiku lomwelo ndinasiya kutchaja foniyo. Inazima yokha, ndipo ndinaikwirira m'chitini cha fulawa n'kutseka. Ndazi analira masiku awiri, kenako anasiya.

Patatha masiku asanu ndi atatu chisowereni mapatapata, ndili pa mpopi masana, chitsulo chija chinaliranso katatu. Ulendo uno sindinamve ndekha. Mayi Nambewe, oyandikana nawo khomo, anatula ndowa n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Amenewa akusulira m'nyumba mwa ndani?"

Madzi anasefukira m'ndowa tonse titangoima.

Kunyumba ndinapeza anapiye asanu ndi awiri akuzungulira malo amodzi pabwalo, akulira. Make, thadzi lofiira limene Welosi anabwera nalo kuchokera kwa kasitomala wina, panalibe. Nthenga panalibe, magazi panalibe. Kabawi akagwira nkhuku pamakhala chipwirikiti, koma ana amene ankasewera pomwepo anati sanaone kanthu. Ndinaika dzanja pamene anapiyewo ankazungulira. Dothi linali lotentha ngati pamene pachotsedwa mbaula.

Madzulo ake Kefasi anabwera, osamwetulira.

"Eyiti, alamu."

Ndinatsegula chitini n'kumuonetsa foni ili mbuu ndi fulawa, yozima. Anaitembenuza kawiri.

"Ndikaiponye m'chimbudzi?" ndinafunsa.

"Sizithandiza. Gemu sikhala m'fonimu, alamu. Foni ndi zenera chabe. Mutatseka zenera, wosula akhalabe komwe aliko."

"Komwe aliko ndi kuti?"

Anayang'ana njinga yake. "Ife timangosewera," anatero.

Sabata imeneyo ndikuchokera kumsika kogula mafuta, dzuwa lisanalowe, Ndazi ali kumsana, ndinapeza munthu atakhala pa kamlatho ka ngalande. Anali atandipatsa msana. Anali wamkulu thupi, ndipo pamene anakhalapo pankanunkha makala onyeka ngakhale panalibe moto. Njira ndi yopapatiza pamenepo, ndinayenera kudutsa pafupi naye.

"Kwa Welosi ndi kumtundaku?" anafunsa osatembenuka.

"Welosi anamwalira."

"Ndikudziwa. Ndikufunsa kwake."

Sindinathamange. Miyendo inangopitiriza yokha. Ndinamva mwana kumsanaku akupotoloka, akubayibitsa.

"Ukubayibitsa ndani?"

"Amene amakonza mpeni wa adadi."

Sindinacheuke. Mayi Nambewe anadutsa pomwepo pambuyo panga pang'ono, ndipo nditawafunsa anati pa kamlathopo panalibe munthu, koma anatsokomola ndi utsi.

Ndinayamba kuwerenga masiku. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinakhala pakhomo osapita kulikonse. Anapiye ndinawavundikira ndi dengu. Ndazi ndinamumangira kumsana ngati khanda. Chitsulo chinalira dzuwa lili pamutu, katatu, pafupi kwambiri moti mano anga anachita dzanzi. Ndinayenda m'nyumba monse, osaona chosowa. Pomaliza ndinatsegula sutikesi, loko wake ali wokhoma bwinobwino. Zitenje zanga zinali zopindidwa monga ndinaziikira, koma pakati panali mpata. Chitenje chobiriwira chimene Welosi anandigulira pa chinkhoswe chathu munalibe. Chapamwamba pake ndi chapansi pake zinali zofunda.

Sindinalire. Ndinatseka sutikesi n'kukaphika phala.

Phala limenelo Ndazi sanadye. Mawa lakenso sanadye. Thupi silinatenthe, sanasanze, sanadandaule paliponse. Ankangokhala pa mkeka atayang'ana chitseko, ngati munthu amene wauzidwa kuti adikire pang'ono abwera kudzamutenga. Kuchipatala anamubaya chala nati malungo palibe, magazi ndi okwanira, ndimupatse zimene amakonda. Ndinamupatsa mandasi otentha, anangowagwira m'manja. Tsiku lachitatu ndikamubereka ndinkachita kupisa dzanja kumbuyo kuti ndimve ngati alipo.

Ndinatulutsa foni m'fulawa, kuitchaja, n'kuitana Kefasi. Tinakhala pakhonde, iye n'kutsegula gemu. Lupanga linali m'kabokosi ka pakati, likuwala moyera, pambali pake nambala nayini. M'kabokosi ka pambali munali kachiphaniphani kaja. Pansi pake panalembedwa dzina la mwana wanga. Wosula anali atakweza nyundo m'mwamba, osasuntha.

"Kachotseni," ndinatero.

Anakokera ndi chala, kanabwerera. Anakokeranso, kanabwerera.

"Sikachoka, alamu. Chinthu chikalowa umu chimatuluka pokhapokha wosula akachikana."

"Amakana chotani?"

"Chimene si cha mwini lupanga."

"Welosi anati ameneyu sangamupereke."

"Ndikudziwa. Ndinalipo akunena." Anandibwezera foni ngati ikumuwotcha. "Sindikudziwa amene akuika zinthuzi, alamu. Musandifunse."

Panatsala masiku asanu. Ndinakhala pansi ndi kuganiza monga ndimaganizira za fulawa ndi mafuta. Mapatapata anali a Welosi. Nkhuku inali yake. Chitenje ndi iye amene anagula. Pa mphasa paja zonse zimene zinatchulidwa zinachoka m'manja mwake, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene ndinamva kuti chasowa. Zimene sizinatchulidwe ndi zimene zinkapita. Ine sindinasudzulidwe. Mwana sanatchulidwe.

M'mawa ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kwa achimwene anga a Lufeyo, amene amasoka zovala pakhonde la sitolo. Ndiwo anali ankhoswe anga.

"Achimwene, mwanayu ndi wa ndani?"

"Funso lanji limenelo? Ndi mbumba yanga. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, waiwala?"

"Ndiye tiyeni mukanene zimenezo kwa eni ake."

Anafuna kundikalipira, koma anamunyamula Ndazi kuti amupatse moni. Anamukweza ndi mphamvu imene munthu amakwezera mwana wa zaka zinayi, manja n'kupitirira m'mwamba chifukwa mwanayo anali atapepuka. Anamuika pansi pang'onopang'ono, n'kuvundikira makina osokera.

Ku Chiradzulu tinafika masana. A Likaka anaitanitsa mphasa, abale n'kusonkhana. Ndinagwada, ndinamasula nsonga ya chitenje, ndinaika foni pakati. Ndinanena zonse, kuyambira bodza langa mpaka munthu wa pa kamlatho. Ena anaseka pa nkhani ya gemu. A Likaka sanaseke.

"Ndiye kuti miyezi iwiri yonseyi mwana wathu sanagone, chifukwa cha mandasi."

"Ndinalakwa, amalume."

"Mukufuna chiyani tsopano?"

"Mundisudzule lero. Ndipo mumuuze kuti mwanayu si wake."

Apongozi anga, mayi ake a Welosi, anaimirira. "Mkazi timasudzula, koma mwana ayi! Mdzukulu wanga ameneyu, mphuno iyi ndi ya Welosi. Wabisa foni, lero ukufuna kubisanso magazi?"

"Tamunyamuleni, amayi," ndinatero.

Anamunyamula. Anamugwira kanthawi, akumuyang'ana kumaso, Ndazi akuyang'ana njira ya kumanda. Kenako anamupereka kwa a Lufeyo, osati kwa ine, n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Kulira kwawo tinkakumva tonse.

A Likaka anavula chipewa n'kuima atayang'ana kumsitu wa kumanda. Mawu awo sanali okwera.

"Welosi. Ndine malume ako. Foni yako ndi iyi, yatuluka, tayiona tonse. Si yakonso. Mkazi uyu tamumasula, si wakonso." Anaima. Anatembenuza chipewa m'manja.

"Nenani, amalume."

"Mwana uyu Ndaziona ndi wa a Lufeyo awa. Kuno alibe kwawo. Si wako, Welosi. Usamuwerengere."

Mphepo inaleka. Agalu awiri amene anagona pabwalo anadzuka n'kukalowa pansi pa nkhokwe. Ndiye kuseri kwa khola kunamveka kugunda kumodzi, osati kulira kwa chitsulo, koma ngati nyundo yaphonya n'kugwera pa dothi. Kamodzi kokha. Tinadikira kachiwiri, sikanabwere. Mayi wina anayamba nyimbo ya kutchalitchi, koma palibe anamuyankha, n'kusiya.

Ndinasuzumira pa foni. Kabokosi ka pambali kanali kopanda kanthu. Kachiphaniphani kanali katabwerera pambuyo pa munthu wa zazitsulo uja, ndipo pansi pake panalibe dzina. Panangokhala mpata woti munthu alembepo.

"Amama," anatero Ndazi ali m'manja mwa a Lufeyo. "Njala."

Anamupatsa mbatata yophika. Anadya ndi makoko omwe.

A Likaka anati foniyo ikakwiriridwe pa manda a mwini wake. Anaipereka kwa Zakeyu, mng'ono wake wa Welosi, pamodzi ndi khasu. Zakeyu ndi munthu wabwino, ndinene zoona. Ndiye anakumba manda a mkulu wake mpaka manja kutuluka matuza. Koma foni yake inali ya mabatani, yomangidwa ndi labala. Anapita kumsitu, n'kubwerako posakhalitsa. Khasu linalibe dothi latsopano. M'thumba la thalauza lake munatuluka ngodya zinayi za foni ija.

Ndinaona. Mkazi wake anali ataima pakhomo la khitchini ndi khanda kumsana, ndinamuonanso. Ndazi anali atagwira mbatata yachiwiri, masaya ali tuu. Ndinaganiza kuti ndikatsegula pakamwa, ayambanso kukangana za foni, ena anene kuti ibwerere kwa mkazi wa malemu popeza ndiye wayambitsa zonsezi. Ndinapukuta mwana kukamwa n'kutsanzika. Apongozi anga sanatuluke.

Patapita miyezi itatu, a Lufeyo anabwera ku Bangwe kudzandiuza kuti alandira uthenga wa ku Chiradzulu, kwa Zakeyu kuli maliro. Anayamba kunena kuti wamwalira ndi ndani, ine ndinati ndinasudzulidwa, za kumeneko sizindikhudza. Kenako anamwa tiyi n'kupita.

Mawa lake Kefasi anaima pa benchi yanga. Sanazimitse njinga, sanavule chisoti.

"Alamu..."

"Sindine mlamu wanu tsopano, a Kefasi."

"Lafika pa teni."

Ndinatembenuza mandasi m'chiwaya.

"Kanthu kaja anali atakalemba dzina lina. Linali..."

"Musanditchulire. Mukufuna angati?"

"Awiri," anatero. Ndinamukulungira m'pepala. Ndinamva kuti sabata yomweyo anagulitsa foni yake n'kugula ya mabatani.

Ndazi ali sitandade wani tsopano. Kusukulu ndinamulembetsa dzina la a Lufeyo. Amadya kwambiri, nsapato zimamuchepera msanga, ndipo akandikwera pamsana ndimachita kumuuza kuti atsike, akundipweteka.

Nkhani yanga yathera pamenepo. Amene ali ndi funso alisunge, chifukwa ngakhale ine mpaka lero sindinafunse.